Fupa Likathyoka ku Budiriro

Kumwera ca kumadzulo kwa mzinda wa Harare, kupitirira mafakitale a ku Willowvale, kuli lokeshoni yaikulu yochedwa Budiriro. Dzinali ndi la Cishona, ndipo litanthauza kutukuka. Lokeshoniyi si yakale monga Mbare kapena Highfield ai. Nyumba zace zinamangidwa dziko la Zimbabwe litalandira kale ufulu wace wa m'caka ca 1980. Iri ndi zigawo zisanu, kuyambira Budiriro 1 kufikira Budiriro 5, ndipo iri pafupi ndi Glen View ndi Mufakose.

Pakati pa anthu a kumeneko pali ana ndi adzukulu a machona, amuna aja anacoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, ena atalembedwa ndi Mthandizi, ena pa selefu, naoloka Zambezi kukafuna nchito ku Salisbury, dzina lakale la Harare. Adzukuluwa alankhula Cishona pamseu, nalankhula Cicewa poceza ndi agogo ao. M'zambiri afanana ndi anansi ao, koma asiyana nao pa cinthu cimodzi cacikulu: ambiri a iwo alibe mudzi wapafupi wothawirako zinthu zikaipa. Nkhani ino ifotokoza cimene cigwera munthu wa m'lokeshoni yotere akathyoka mwendo kapena mkono, ndi m'mene banja lace lingapyolere m'masiku amenewo.

Kumudzi munthu wothyoka mwendo agona pa mkeka, abale nam'limira munda, nkhokwe nim'dyetsa. M'tauni mulibe nkhokwe. Ufa, moto wophikira, nyumba yogonamo, zonse zifuna ndalama, ndipo ndalamazo zipezeka tsiku lomwelo ndi miyendo ndi manja. Cifukwa cace wobvulala wa m'tauni adwala pawiri: fupa lathyoka, thumba nalonso labooka. Fupa lifuna kudekha, koma thumba lifuna liwiro, ndipo ngozi yaikulu ndi yakuti thumba lingam'dzutse munthuyo fupa lisanalole.

M'mene fupa licirira

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 m'thupi mwace. Ambiri ayesa kuti fupa ndi cinthu couma conga mtengo wakufa, popeza mafupa amene awaona ndi a m'mbale ya ndiwo. Koma fupa la munthu wamoyo liri ndi mitsempha ya mwazi, lidya, likula, ndipo likathyoka lidzilumikiza lokha. Dotolo salumikiza fupa ai. Nchito yace ndiyo kubwezera mbali ziwirizo m'malo mwace ndi kuziletsa kugwedera. Zotsalazo ndi nchito ya thupi.

Masiku oyamba mwazi uundana pothyokapo, malowo natupa ndi kupweteka kwambiri. M'sabata laciwiri ndi lacitatu pamera cinthu cofewa conga ulimbo, cimene cigwira mbali ziwirizo pamodzi. Pang'ono pang'ono cofewaco ciuma nicisanduka fupa, ndipo kuumako kutenga masabata 6 kufikira 12. Pambuyo pace thupi lisema fupa latsopanolo kwa miyezi yambiri, kufikira litalimba monga lakale.

Mafupa onse sacira pa liwiro limodzi. La pamkono pafupi ndi dzanja kawiri kawiri likhala m'cikhakha masabata 6. La msongolo lifuna miyezi 3 kapena 4, nthawi zina kuposa pamenepo. La nchafu ndilo lalikulu koposa m'thupi, ndipo nthawi zambiri madotolo aligwira ndi citsulo. Ana acira msanga. Okalamba, odwala shuga ndi osuta fodya acedwa.

Msampha uli apa. Ululu ucepa pa sabata lacitatu kapena lacinai, pamene fupa likali lofewa m'kati. Munthu aona kuti sakumvanso kuwawa, aonanso kuti ufa watha m'nyumba, nadula cikhakha ndi mpeni kuti akagwire nchito. Pamenepo fupa lipindika, kapena lithyokanso, kapena likana kulumikizana konse, ndipo matenda a miyezi 3 asanduka a caka cathunthu, mwinanso kupunduka kwa moyo wonse.

Kusamala cikhakha

Cikhakha ndi nsalu yopakidwa ufa woyera wa mwala, imene iuma gwa ikanyowetsedwa ndi kukulungidwa pa ciwalo. Woyamba kucipanga motere anali dotolo wa asilikali wa ku Holland, Antonius Mathijsen, m'zaka za m'ma 1850. Kuunika mafupa ndi ekisire kunadza pambuyo pace, Wilhelm Röntgen wa ku Germany atatulukira kuwala kumeneku m'caka ca 1895. Zinthu ziwirizi zapulumutsa miyendo yosawerengeka, koma cikhakha cithandiza yekhayo amene acisamala.

Cisanyowe, pakuti madzi acifewetsa. M'kati mukayabwa, wodwala asalowetsemo waya kapena kamtengo, cifukwa kabala kobisika m'cikhakha kaola osaoneka. Masiku oyamba mwendo kapena mkono ukhale pamwamba, pa mtsamiro, kuti kutupa kutsike. Ndipo asaponde pansi ndi mwendowo dotolo asananene.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku lolembedwa pa khadi. Zala zikatupa kwambiri, zikazizira, zikacita dzanzi kapena kusintha maonekedwe, ululu ukamakula m'malo mocepa, m'cikhakha mukatuluka fungo kapena mafinya, thupi likatentha, pamenepo munthuyo apite ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Cikhakha cothina citseka njira ya mwazi, ndipo kucedwa kwa maola owerengeka kungaononge dzanja kapena phazi.

Fupa limangidwa ndi cakudya, koma sipafunika za mtengo wapatali. Matemba odyedwa ndi minga yace, mkaka kapena cambiko, mazira, nyemba, nsinjiro ndi ndiwo zamasamba ndizo zofunika, pamodzi ndi kuothera dzuwa pang'ono tsiku ndi tsiku. Fodya ndi mowa zicedwetsa kucira, nizidyanso ndalama za mankhwala.

Kumene ndalama zipita

Mabvuto a ndalama ayamba tsiku la ngozi lomwe. Kiriniki ya khonsolo ya ku Budiriro ingathe kumanga bala ndi kulemba kalata, koma wothyoka fupa atumizidwa ku cipatala cacikulu, monga ca Parirenyatwa, kapena ca Sally Mugabe, cimene kale cinali kuchedwa Harare Central ndipo akulu akulu acidziwa ndi dzina lakuti Gomo. Wothyoka mwendo sangapanikizane ndi anthu m'kombi, minibasi ija ya m'malokeshoni. Afuna galimoto ya hayala popita ndi pobwera. Pali malipiro a khadi, a ekisire, a mankhwala ogula ku famase, a ndodo zoyendera, ndipo ngati pafunika citsulo, kawiri kawiri abale ndiwo acigula. Monga mwa lamulo, ana osafika zaka 5 ndi okalamba opitirira zaka 65 salipira khadi m'zipatala za Boma, ndipo wosauka weni weni angathe kupempha kalata ya cithandizo ku ofesi ya Social Welfare. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo paja akulu anati safunsa anadya phula.

Pa za malipiro, obvulala ali mitundu iwiri. Woyamba ndiye wolembedwa nchito pa kampani. Lamulo la nchito la ku Zimbabwe lim'patsa masiku 90 a chuthi ca matenda pa malipiro athunthu, ndi masiku enanso 90 pa theka la malipiro, malinga akhale ndi kalata ya dotolo. Ngati anabvulalira pa nchito, pali bungwe la NSSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1989, limene lilipira cipatala, lipereka gawo la malipiro, ndiponso penshoni kwa wopunduka. Ndalama za thumba la obvulala limeneli asonkha ndi olemba nchito, osati anchito ai. Ndipo bungweli liri ndi malo ace ku Bulawayo kumene obvulala aphunzira kuyendanso ndi kugwira nchito zina. Cofunika n'cakuti wobvulala auze kapitao tsiku lomwelo, ngoziyo ilembedwe, ndipo asunge pepala liri lonse limene apatsidwa.

Waciwiri ndiye wodzilemba yekha, ndipo otere ndiwo ambiri ku Budiriro: amisiri a mipando ndi makama a ku Glen View Area 8, ogulitsa tomato pamseu, oitanira makombi, okankha ngolo, omanga nyumba pa ganyu. Awa alibe chuthi ca matenda, alibenso cipukuta misozi. Tsiku limene sanatuluke ndi tsiku lopanda kanthu, koma mwini nyumba afuna lendi yace pa kutha kwa mwezi monga mwa nthawi zonse.

Cifukwa cace kusunga n'kobvuta

Mlendo angafunse kuti, nanga bwanji anthuwa sasunga ndalama za tsiku la tsoka? Yankho lace liri m'mbiri ya ndalama za dzikolo. M'caka ca 2008 mitengo ya zinthu inakwera kotero kuti Boma lomwe linawerenga kukwera kwa m'mwezi wa July kukhala maperesenti 231 miliyoni pa caka, ndipo m'January 2009 munatuluka pepala limodzi lolembedwa madola 100,000,000,000,000. Zimene anthu anasunga m'mabuku a ku banki, m'mapenshoni ndi mu inshuwalansi zinasungunuka ngati mcere m'madzi. M'caka comweco ca 2009 dzikolo linayamba kugula ndi dola ya ku America ndi randi ya ku South Africa, ndipo anthu anayambanso kusunga. M'November 2016 munadza mapepala ochedwa bond, amene ananenedwa kuti alingana ndi dola ya ku America. M'February 2019 ndalama za m'mabanki zinasandutsidwa dola ya m'dzikomo, imene inatha mphamvu msanga, ndipo osunga analira kaciwiri. M'April 2024 munadza ndalama ina yochedwa ZiG. Poyamba dola imodzi ya ku America inali ma ZiG 13.56, koma m'September caka comweco banki yaikulu inaitsitsa kufikira ma ZiG oposa 24.

Munthu wa zaka 40 waona zonsezi ndi maso ace. Sikuti ndi wosasamala ai. Waphunzira kuti ndalama yogona ku banki icepa yokha. Cotero asunga cuma cace m'zinthu: njerwa, malata, firiji, nkhuku, kapena madola owerengeka pansi pa matiresi. Koma njerwa sizilipira ekisire, ndipo wogulitsa mofulumira agulitsa mochipa.

Palinso zokhumudwitsa zazing'ono zimene zim'pweteka wodwala koposa wamphamvu. Cinthu cimodzi cikhala ndi mitengo iwiri, wa dola ndi wa ZiG. Makobiri a chenji asowa, kotero kuti wogula ndi dola imodzi apatsidwa maswiti, kapena aonjezapo kanthu kamene sanakafune. Pepala la dola likang'ambika, ena alikana. Ndipo kuyambira October 2018, pamene Boma linaika msonkho wa 2 pa 100 iri yonse pa ndalama zotumizidwa pa foni ndi pa banki, cithandizo ca mbale sicifika cathunthu. Wamphamvu ayenda masitolo atatu kufuna mtengo wabwino. Wa ndodo agula pamene mwana womtuma wafika.

Nkhokwe za m'tauni

Popeza zinthu ziri tero, nkhokwe ya munthu wa m'lokeshoni ndiyo anthu anzace. Yoyamba ndi cipereganyo, cimene Ashona acicha mukando kapena maraundi. Anthu odziwana asonkha ndalama sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, napatsana mosinthana, kapena kukongozana. Ambiri asonkha m'madola a ku America kuti ndalamazo zisasungunuke. Mmodzi wao akabvulala, anzace angathe kusintha mndandanda kuti iye alandire msanga.

Yaciwiri ndi masosaite a maliro. Machona anali pakati pa oyamba kuwakhazikitsa m'migodi ndi m'matauni a Southern Rhodesia, poopa kuikidwa mopanda ulemu kutali ndi kwao. Nchito yao yeni yeni ndi maliro, koma anthu amene asonkhana mwezi ndi mwezi adziwana mabvuto, ndipo sam'lekerera mnzao agone ndi njala. Palinso mipingo, monga wa CCAP umene uli ndi sinodi yace ya Harare, ndi mizikiti kumene Ayao ambiri apemphera. Kwa amene ali ndi nyumba yace, cipinda cocititsa lendi ndico munda wosadikira mvula. Ena athandizidwa ndi ana ao a ku Johannesburg kapena ku England. Zonsezi ziri ndi lamulo limodzi: munthu alowamo akali bwino. Kupatsa n'kuika; amene sanasonkhepo pa tsoka la mnzace adzabvutika kupempha pa tsoka lace.

Pali maenje atatu amene wobvulala ayenera kuwalambalala. Loyamba ndi katapila, amene kumeneko achedwa cimbadzo. Ciongola dzanja cace cikula mwezi ndi mwezi, ndipo munthu womangidwa m'cikhakha alibe njira yocithamangira. Laciwiri ndi juga ya mpira, imene masiku ano ilowa m'nyumba pa foni, nim'nyenga munthu wosowa cocita kuti dola imodzi idzabala makumi awiri. Lacitatu ndi kugulitsa zipangizo za nchito. Mmisiri akagulitsa sowo ndi hamala, kapena mai akagulitsa makina ace osokera, adzacira mwendo koma adzasowa poyambira. Kuli bwino kubwereka zipangizozo kwa mbale kapena wophunzira nchito, nagawana phindu lace.

Madzi ndi za tsiku ndi tsiku

Nchito zazing'ono za pakhomo nazonso zisanduka phiri. Ku Budiriro mipope ikhala youma masiku ambiri, ndipo madzi atungidwa pa mijigo ndi pa zitsime. Lokeshoniyi inali pakati peni peni pa kolera ya m'zaka za 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo matendawo anabukanso kumeneko ndi ku Glen View m'September 2018. Cifukwa cace madzi akumwa ndi otsukira bala akhale owiritsa kapena othira mankhwala.

Munthu wa ndodo ziwiri sangasenze ndowa. Ngati wobvulala ndi mai wa pakhomo, nchito ya madzi, ya moto ndi ya ana igwera mwana wamkazi, amene mwina ayamba kujomba ku sukulu. Banja lanzeru ligawana nchitozi poyera, abambo ndi anyamata omwe. Pansi ponyowa ndi pa makwerero ndipo pamene anthu a ndodo agwa kaciwiri. Ndipo popeza magetsi azima kawiri kawiri, nyali ikhale pafupi ndi kama. Mpando wakale wobooledwa pakati uthandiza amene sangathe kunyonyomala ku cimbudzi.

Masiku atali

Atatha masabata awiri oyamba, alendo odzazonda acepa, ndipo payamba matenda ena, a mumtima. Munthu wozolowera kutuluka mbandakuca akhala pakhonde kuwerenga ngongole, nasowa tulo, nayamba kukalipira mkazi ndi ana popanda cifukwa. Ashona acha bvutoli kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso. Dotolo Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare nchito yochedwa Friendship Bench, m'mene agogo aakazi ophunzitsidwa akhala pa mabenchi kunja kwa makiriniki, kumvetsera anthu a nkhawa ndi kuwathandiza kumasula mabvuto ao limodzi limodzi. Kupita kwa agogo otere si cinthu camanyazi.

Mankhwala ena ndiwo zokonda za munthu, zimene pamene anali bwino anaziyesa zotayitsa nthawi. Bawo wa akulu akulu a ku Malawi, tsoro wa Ashona, ndi dirafuti ya zitsekerero za mabotolo ziitana anzace kudza pakhonde, ndipo pamene pali anthu ndipo pamveka za maganyu. Wailesi ya National FM iulutsanso mau m'Cicewa, cimene ciri cimodzi ca zinenero 16 zobvomerezedwa ndi malamulo akulu a dzikolo a m'caka ca 2013. Mkangano wa ocemerera Dynamos ndi CAPS United, ndi gitala ya Alick Macheso, amene bambo ace anacokera ku Malawi, zifupikitsa madzulo ambiri.

Koposa zonse ndi nchito za manja zimene munthu angacite ali cikhalire. Wothyoka mwendo manja ace ali bwino. Angasoke nsapato, angaluke zipewa ndi zikwama, angapinde timagalimoto ta waya, angakonze mafoni ndi mawailesi, angayang'anire tebulo la tomato pa geti, akalulu m'khola, ndi masamba obzalidwa m'matumba. Jairos Jiri, amene anayamba nchito yace yothandiza opunduka ku Bulawayo m'caka ca 1950, anaona comweci. Anawaphunzitsa kusoka nsapato ndi nchito zina za manja, kuti asakhale opemphetsa. Phindu la nchito zotere ndi locepa, koma ligula buledi, ndipo koposa apo lim'bwezera munthu ulemu wace m'nyumba mwace.

Kubwerera ku nchito

Kupuma kwa fupa si kugona kwa thupi lonse. Zala zigwedezedwe, mfundo zimene ziri kunja kwa cikhakha zipindidwe ndi kuongoledwa tsiku ndi tsiku, ndipo minofu ya nchafu ilimbitsidwe ngakhale munthu ali pa kama, monga anamuuzira ku cipatala. Cikhakha cikacoka, mwendo uoneka woonda, khungu lofundula, mfundo youma. Izi siziopsa ai. Anamwino ndi a mafizo aonetsa zocita, ndipo mphamvu ibwera pang'ono pang'ono, m'masabata kapena m'miyezi. Pobwerera ku nchito munthu ayambe ndi zopepuka. Mmisiri ayambe ndi kupaka vanishi ndi kukambirana mitengo ndi ogula, asanayambe kusenza matabwa.

Banja limene lipyola bwino m'masiku awa ndi limene likhala pansi m'sabata loyamba lomwe. Lifunsa dotolo kuti padzapita masabata angati, nililemba tsikulo pa kalendala. Pamenepo liwerenga lendi, ufa, fizi ya ana ndi maulendo a ku cipatala a masabata onsewo. Lisankha amene adzapita kukadandaula kwa mwini nyumba lendi isanakwane, amene adzapita ku cipereganyo, ndi amene adzapita kwa akulu a mpingo; ligwirizananso za cimene cingagulitsidwe ndi cimene sicidzagulitsidwa. Ngongole yodziwika kukula kwace ibwezeka, koma mwendo wouma copindika suongokanso wokha.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Budiriro kudekhako sikutheka kwa munthu mmodzi payekha. Kutheka pamene ena am'tungira madzi, am'yang'anira tebulo lace, nam'gwirizira lendi, kufikira tsiku lolembedwa pa kalendala litakwana.